Kudzutsa Chigwetsa, Buludoza wa Mfumu

Ufumu wa Tidzaonamawa musavutike n'kuufuna pa mapu. Komiti yojambula mapu inasankhidwa kalekale, ndipo mpaka lero ikukambiranabe za mtundu wa pensulo. Koma mukadzafika pamalo pamene mbuzi zonse zamangidwa moyang'ana mbali imodzi, mudzadziwe kuti mwafika.

Mbuzizo sizichita kufuna. M'dzikomo muli lamulo lakale loti munthu kapena chinthu chisafulatire nyumba ya mfumu chikakhala pafupi nayo. Wochoka kunyumbako amayenda chafutambuyo, maso ali kukhonde la mfumu, mpaka atagwera m'ngalande ya kumsewu, ndipo akagweramo amadziwa kuti ulemu wakwana. Njinga, ngolo ndi magalimoto poziimika zimayang'ana komweko. Alendo amaseka, koma eni dziko anazolowera, ndipo ambiri ali ndi zipsera m'zigongono.

Mfumu ya nthawi imeneyo inali Ndilipano Wachitatu, munthu wosapsa mtima msanga, wokonda zinthu ziwiri basi: mbatata yootcha ndi kuomberedwa m'manja. Mbatata sinkasowa, popeza mfumuyo inali ndi munda wake kuseri kwa nyumba. Vuto linali m'manjamo. Tsiku lina italankhula maola atatu pabwalo la fumbi la ku likulu, inabwerera kunyumba nkhope itagwa, n'kuitanitsa nduna zake.

"Ndalankhula bwino lero kapena ayi?" inafunsa mfumu.

"Mwalankhula mogwira mtima, Mwinidziko," nduna zinayankhira pamodzi.

"Nanga bwanji m'manja munamveka ngati nkhuku imodzi ikukupiza mapiko?"

Nduna zinayang'ana pansi. Amene anaimirira anali a Gwedemula, Nduna ya Penti ndi Zooneka, munthu amene pakamwa pake sipanasowepo yankho chibadwire.

"Anthu anaomba, Mwinidziko, ndinawaona ndi maso angawa," anatero a Gwedemula. "Koma bwalo lija n'lapambalambanda. Mphepo ikumatenga kuomba kwanu n'kupita nako kwa anansi athu. Ndamva kuti mfumu ya kutsidya ikumangotuluka pakhonde n'kumawerama, osalankhula kanthu."

Nkhaniyi inaipweteka mfumu mpaka mumtima. Tsiku lomwelo nduna zinagwirizana zomanga Bwalo la Kuomba M'manja, lampanda wautali wa njerwa, kuti phokoso lisamathawe. Malo athyathyathya okwanira analipo amodzi okha mu likulu monse, pamene panali msika wa Tsitsaniko, chakumanzere kwa msewu wopita kwa mfumu.

"Nanga msikawo tiuchotsa ndi chiyani? Ndi makasu?" inafunsa mfumu.

"Tili ndi Chigwetsa, Mwinidziko," anayankha a Gwedemula. "Chili bwino zedi. Ndimachisamala ndine."

Chigwetsa chinali buludoza wakale amene anagulidwa m'nthawi ya agogo ake a mfumuyi. Misewu yonse ya m'dzikomo chinalambula ndicho. Itatha ntchito yomaliza, anachilowetsa m'shedi ya malata moyang'anizana ndi nyumba ya mfumu, monga mwa lamulo, ndipo chinakhala momwemo zaka makumi atatu ndi chimodzi. Chaka chilichonse mfumu isanabwere kudzayendera katundu wa boma, anthu a Gwedemula ankachipaka penti. Mfumu inkafika, n'kuchigwira ndi chala, penti n'kuimatirira, iyo n'kugwedeza mutu kuti zinthu zikuyenda. Zoti injini ilizidwe palibe anaganizapo.

Munthu wodziwa kuliza Chigwetsa anatsala mmodzi yekha m'dziko lonse, a Jolamu Kanyumbu, nkhalamba yowonda ya zaka makumi asanu ndi awiri, imene inachiyendetsa kuyambira unyamata wake. Akazi awo, Nasimelo, anali ndi benchi la tomato ndi anyezi mumsika wa Tsitsaniko, pansi pa mtengo wa mango. Njerwa za benchilo anaumba okha ndi manja awo zaka makumi awiri mphambu zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo ana awo onse asanu anakulira pa benchi limenelo. A Kanyumbu ankakhala kumapeto kwake tsiku lonse, akukonza maambulera a anthu ndi kufotokoza nkhani za Chigwetsa kwa aliyense amene walakwitsa n'kuima pafupi. Nasimelo ankachitchula chinthucho kuti mkazi mnzawo.

Lolemba m'mawa a Gwedemula anafika pamsika, n'kukwera pa thumba la makala kuti awerenge chilengezo.

"Mwinidziko, chifukwa cha chikondi chake, waona kuti msika uno watopa," anawerenga. "Choncho ukupatsidwa mwayi wopuma. Inu nonse mukasamukira kumalo amakono a ku Tchiretchire."

"Kuli madzi kumeneko, bwana?" anafunsa a Pindani, bambo wogulitsa usipa moyandikana ndi Nasimelo.

"Adzabwera."

"Nanga ogula?"

"Adzabwera ndi madziwo."

"Zikomo, bwana," anatero a Pindani. "Ndiye usipawu ndiuuze kuti udikire."

A Gwedemula sanamve, kapena anasankha kusamva. Anatsika pa thumba lija n'kulunjika kwa a Kanyumbu. Anawauza kuti dziko lawakumbukira, ndipo mawa lomwe akayambe kudzutsa Chigwetsa kuti chidzagumule msikawo.

Tinene zoona, a Kanyumbu anasangalala. Mtima wawo unadumpha ngati wa mnyamata amene wamva kuti chibwenzi chake chakale chamufunsa. Kenako anacheuka n'kuona Nasimelo akupanga milu ya tomato, ndipo anachita manyazi ndi chisangalalo chawocho.

Nduna itachoka, Nasimelo analankhula osakweza maso. "Ndiye mukupita, bambo a Esinala?"

"Ndikakana mukudziwa kumene andipititse, mayi a Esinala."

Sankanama ayi. Ku Tidzaonamawa makina a mfumu safa, amangopuma, ndipo wonena kuti afa kapena wokana kuwadzutsa amakagona kundende ya Khalanikaye.

A Pindani anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. "Achimwene, nkhani iyi ndi yaing'ono. Mchenga wodzaza dzanja limodzi m'thanki, basi. Ndani adzadziwe?"

A Kanyumbu anawayang'ana ngati awatukwana. "Ine kuthira mchenga Chigwetsa? Bwanji osangonena kuti ndithire mchenga m'phala la mwana wanga?"

"Mwamva, a Pindani?" anatero Nasimelo. "Ine ndine tomato chabe. Wokondedwa ali m'shedi."

M'mawa mwake a Kanyumbu atatsegula chitseko cha shedi anagwira pakamwa. Chigwetsa chinali chowala moti munthu akanatha kumetera ndevu pa icho, koma chinali chitanenepa. Penti wa zaka zonse zija anali atachindikala ngati chala cha munthu. Opakawo sankasankha. Anapaka chivundikiro cha thanki mpaka chinasowa, anapaka zitsulo zoyendetsera, anapaka matcheni oyendera n'kuwamatiriza ku simenti. Anapaka chisa cha mavu, mavu ali momwemo. Pampando a Kanyumbu anapeza chipewa chawo chimene anaiwala tsiku lomaliza lija, chitauma gwa, chili chachikasu.

Boma linawapatsa Komiti Yoyang'anira Kudzutsa, ya anthu khumi ndi awiri, aliyense ndi mpando wake. Wogwira sipanala panalibe. Komitiyo inkafika nthawi ya tiyi ndipo inkanyamuka tiyi akatha.

A Kanyumbu anatenga mpeni wakukhitchini n'kuyamba kupala. Pamwamba panali penti wachikasu wa chaka chimenecho. Pansi pake panali wobiriwira, wa chaka chimene mfumu inalengeza kuti njala yatha anthu akudya madeya. Kenako wofiira, wa chaka chimene inakwatira mkazi wachinayi, ndi woyera wa chaka chimene mkaziyo anathawa. Tsiku lachitatu a Gwedemula anawapeza atazunguliridwa ndi zipalapala, ndipo anatsala pang'ono kukomoka.

"Madala, mukuchita chiyani? Chimenecho ndi chitukuko cha zaka makumi atatu!"

"Ndikufuna pothira dizilo, bwana."

"Simungathire osawononga penti?"

"Ndingathe, bwana. Ndingothira pamwamba kuti chizinunkhira ngati chikuyenda."

A Gwedemula anaganizira mawuwo kwa kanthawi ndithu, popeza nzeruyo inawakomera. Koma anakumbukira kuti fungo silingagumule msika, ndiye anawalola kuti apitirize, bola zipalapalazo azisunge m'thumba ngati chuma cha boma.

Ntchito inali yambiri. Dizilo wakale anali atasanduka ngati manyuchi, ndipo anamukhetsa yense n'kutsuka thanki. Oyilo anatuluka wosakanikirana ndi madzi. Mosefera mpweya munali mudzi wa makoswe, ndipo m'paipi ya utsi anatulutsamo zitsononkho zodzaza ndowa. Anathira girisi paliponse pamene panali kamwa lolandira girisi, akulankhula nacho chinthucho motsitsa mawu, kuchipepesa chifukwa chochisiya chokha nthawi yaitali chotero.

Mabuludoza a kale lija analibe kiyi woti munthu angopotokola. Pambali pa injini yaikulu ya dizilo pamakhala kainjini kakang'ono ka petulo, kolizidwa ndi chingwe. Kainjiniko kakalira kamatenthetsa yaikuluyo n'kumaizunguza mpaka nayo itagwira moto. A Kanyumbu anapukuta mapulagi ake, anathira petulo watsopano, anakulunga chingwe, n'kukoka. Zii. Anakokanso. Anakoka masiku awiri, mpaka phewa linatupa, komiti ikulemba kuti ntchito ikuyenda bwino.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, chakumasana, kainjini kanayetsemula, kanatsokomola, kenako kanayamba kulira mokwiya. A Kanyumbu anakasiya kuti katenthe. Atamva ndi chikhatho kuti chitsulo chafunda, anakoka ndodo yolumikiza. Injini yaikulu inabuula, inazungulira mwaulesi, inalavula utsi woyera, kenako wakuda tolotolo, ndipo mwadzidzidzi shedi yonse inayamba kunjenjemera. Gudugudugudu! Komiti inathawa n'kusiya makapu. A Kanyumbu anaima pomwepo, dzanja lili pa chitsulo, misozi ikutsika m'masaya, chifukwa mawu amenewo anali atawasowa zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Phokosolo linafika mpaka ku Tsitsaniko. Milu ya tomato ya Nasimelo inagumuka yokha, tomato n'kugubudukira pansi. Anawatola mmodzimmodzi.

Dzuwa litapendeka a Kanyumbu anafika pamsika atadetsedwa ndi oyilo, akuyesetsa kubisa chimwemwe koma chikuwatulukira m'maso.

"Ndamva mkazi mnzanga wadzuka," anatero Nasimelo. "Mawu ake sanasinthe."

"Wadzuka, koma sakukhota."

"Mukuti chiyani?"

A Kanyumbu anafotokoza. Buludoza alibe chiwongolero. Ali ndi zitsulo ziwiri patsogolo pa woyendetsa: ukakoka chakumanzere amakhotera kumanzere, ukakoka chakumanja amakhotera kumanja. Zitsulo zimenezo zinali zitagwidwa ndi dzimbiri mkati. Kuti zimasuke panafunika kuzinyika m'palafini ndi kumazigwedeza tsiku ndi tsiku, masabata atatu.

"Ndikapempha masabata atatuwo kwa mfumu," anatero. "Kuno kwathu masabata atatu amatha kubala zaka. Mwina adzaiwala."

"Ndipo akapanda kuiwala?"

A Kanyumbu anayamba kupukuta oyilo m'manja mwawo. Nasimelo anawayang'anitsitsa, kenako ananena mawu amene anali atawasunga sabata yonse. "Benchi ili ndinaumba ndili ndi pakati pa Esinala. Ine ku Tchiretchire sindipita. Mukadzabwera ndi chinthu chanucho mudzandipeza pano, ndipo mudzachite kundiyang'ana kumaso."

M'mawa mwake a Kanyumbu anakagwada pamaso pa mfumu ndi nduna, n'kufotokoza za dzimbiri, za palafini ndi za masabata atatu. Nthawi ina iliyonse pempho lochedwetsa ntchito likanalandiridwa ndi manja awiri, chifukwa ku Tidzaonamawa kuchedwa si mlandu. Koma tsoka ilo, panali nsalu.

A Gwedemula anatambasula chitenje chatsopano. Panali nkhope ya mfumu ikumwetulira pakati, Chigwetsa mbali zonse zinayi, ndi tsiku la mwambo litalembedwa m'zilembo zikuluzikulu: Loweruka likudzalo. Zitenje zinali zitagawidwa kale kwa amayi ovina, ena atasoketsa kale madiresi.

"Taonani, madala," anatero a Gwedemula. "Lamulo timasintha. Dzina la mudzi timasintha. Ngakhale tsiku lobadwa la Mwinidziko tinasinthapo kawiri. Koma tsiku loti lalembedwa pa nsalu, ndani anasinthapo?"

Nduna zonse zinagwedeza mitu. Chinthu chotero chinali chisanamvekepo.

"Koma sichikhota, bwana. Msika uli kumanzere."

A Gwedemula anatulutsa pepala m'thumba. "Pulogalamu iyi. Naini koloko, magule. Hafu naini, mawu a Mwinidziko. Teni koloko, buludoza akhota kumanzere. Zalembedwa, ndipo pali chidindo. Inu mukudziwa zambiri kuposa pulogalamu?"

Mfumu, imene nthawi yonseyi inkasenda mbatata, inakweza mutu. "Madala, musade nkhawa. Chikakana kukhota mudzangochiimitsa, tidzajambulitsa zithunzi, kenako tidzakupatsani masabata anu atatu. Msikawo suthawa."

A Kanyumbu anatuluka chafutambuyo mtima uli wolemera, ndipo m'ngalande anagweramo osamva n'kupweteka komwe.

Loweruka linafika kuli dzuwa lowala. Nsanja ya mfumu anaimanga pakati pa shedi ndi nyumba yachifumu, kupitirira pang'ono mphambano yopita kumsika, kuti Mwinidziko adzaone bwino kukhotako. Anthu a mumsika analamulidwa kuvala nsalu ija ndi kubwera kudzaombera m'manja kugumulidwa kwa mabenchi awo. Anabweradi, chifukwa apolisi anawaperekeza mwachikondi. Nasimelo yekha anatsala pa benchi lake, atayala tomato monga mwa masiku onse.

Magule anavinidwa. Mfumu inalankhula, ndipo mphepo inatenga gawo lake. Teni koloko itadutsa ndi maola awiri, a Kanyumbu anakoka chingwe. Kainjini kanalira, yaikulu inayankha, ndipo Chigwetsa chinathothola matcheni ake pa simenti n'kutuluka m'shedi, chikhasu chake chakutsogolo chitatsika, utsi uli tolotolo. Anthu anaomba m'manja moona mtima, mwina koyamba m'zaka zambiri, chifukwa anali asanaonepo chinthu cha boma chikuyenda chokha.

Liwiro la buludoza wakale n'lofanana ndi la munthu wopita kumaliro. Choncho aliyense anaona bwinobwino Chigwetsa chikuyandikira mphambano, chikufika pa mphambano, chikudutsa mphambano.

"Kumanzere!" anakuwa a Gwedemula, akukupiza pulogalamu. "Madala, kumanzere! Nthawi yakwana!"

A Kanyumbu anagwira khutu n'kuloza injini, kusonyeza kuti sakumva.

"Imitsani! Chiimitseni!"

A Kanyumbu anagwiranso khutu.

Chigwetsa chinalunjika nsanja. Panalibe chifukwa chothamangira. Mfumu inatsika masitepe mwaulemerero wake, inabwereranso kukatenga mbale ya mbatata imene inaiwala, n'kutsikanso. Nduna zinachititsa msonkhano wadzidzidzi zikuyenda pambali pa matcheni. Wina anapereka ganizo loti pakhazikitsidwe komiti, wina anavomereza, ndipo ankakanganabe za wapampando pamene nsanja inapindika n'kugona pansi, mbendera zake zili pamwamba.

"Ndiye kuti aganiza zoyambira kwawo," anatero a Pindani, akuyenda m'gulu la anthu otsatira pambuyo. "Utsogoleri wabwino umenewo."

Chigwetsa chinatsegula mpanda wa nyumba yachifumu pamalo pamene panalibe chipata. Chinadutsa pakati pa nyumba yaikulu ndi khitchini, chinametako ngodya ya khonde, n'kulowa m'munda wa mbatata. Apa mfumu inalira mokweza, chifukwa nsanja inali ya boma koma mbatata inali yakeyake.

Koma chimene chinaopsa nduna si mbatata. Chigwetsa chinali chitadutsa nyumba ya mfumu, ndipo tsopano chinaifulatira poyera, pamaso pa anthu onse, thako lake lachitsulo likufuka utsi molunjika kuzenera la Mwinidziko.

"Chafulatira!" anakuwa a Gwedemula. "Madala, mwafulatira mfumu!"

Mawu amenewa okha a Kanyumbu anawamva bwinobwino. Nthawi yomweyo anasiya zitsulo zonse, anaimirira, anatembenuka n'kuyang'ana nyumba ya mfumu, manja atawagwira kumbuyo mwaulemu. Anapitirira choncho, ataima njo pamwamba pa Chigwetsa, nkhope ili kwa mfumu, msana uli kumene akupita. Apolisi nawo pofuna kuchithamangira anayenera kutero chafutambuyo, ndipo anagwa m'mizere ya mbatata mmodzi pamwamba pa mnzake.

Kumapeto kwa mundawo kuli Chigwembe cha Malonjezo, chakuya kuposa nyumba zitatu zosanjikiza, kumene boma limataya miyala ya maziko ya ntchito zimene sizinayambe. Patatsala mapazi ochepa, a Kanyumbu anatsika pang'onopang'ono ngati munthu wotsika pa ngolo, akuyang'anabe nyumba ya mfumu. Kumbuyo kwawo Chigwetsa chinaweramira kutsogolo, chinazengereza pang'ono pamphepete, kenako chinapita. Phokoso lake linamveka dziko lonse. Injini inalirabe kanthawi pansipo, inatsokomola kawiri, n'kukhala chete. A Kanyumbu sanacheuke.

Kafukufuku anatenga masiku anayi, zomwe zinali zachangu kwambiri m'mbiri ya dzikolo. Nduna zinagwira njakata. Kuimba mlandu pulogalamu sikukanatheka, popeza inali ndi chidindo. Nsalu nayo inalibe cholakwa, chifukwa mwambo unachitikadi Loweruka. A Kanyumbu anali atachenjeza pamaso pa onse, ndipo dziko lonse linawaona akusunga lamulo la ulemu moyo wawo uli pachiswe. Wolakwa anatsala mmodzi. Bwalo linagamula kuti Chigwetsa chinafulatira mfumu mwadala, ndipo linachilamula kukhala m'chigwembemo moyo wake wonse, chilango chimene chinali chitayamba kale kugwira ntchito. Njira imene chinalambula anaitcha Msewu wa Masomphenya, ndipo a Gwedemula anapaka penti miyala ya m'mbali mwake. Za Bwalo la Kuomba M'manja analengeza kuti zidikire buludoza watsopano, amene komiti yomugula idzasankhidwa ikapezeka komiti yoisankha.

Msika wa Tsitsaniko unatsegulidwa Lachisanu ngati kuti palibe chinachitika. A Kanyumbu anafika mochedwa, n'kukhala pamalo pawo ndi ambulera yothyoka ya munthu wina. Anaitembenuza uku ndi uku, osaikonza. Anthu ankabwera kudzawafunsa za ulendo wawo, koma nkhalamba imene kale inkatopetsa msika wonse ndi nkhani za Chigwetsa tsopano inkangoyankha kuti zinachitika basi. Anali ndi chisoni chenicheni, chonga cha munthu amene waika m'bale wake, ndipo sankafuna kuti wina aliyense achione.

Nasimelo anawasiya mpaka masana, ogula atachepa. Kenako analankhula akupukuta tomato ndi nsonga ya chitenje, maso ali pa tomatoyo.

"Bambo a Esinala, ndifunseko. Chinthu chija sichinkaima?"

A Kanyumbu anayang'ana uku ndi uku. A Pindani anali atapita kukamwa madzi.

"Chinkaima," anayankha motsitsa mawu. "Kungokankha ndodo imodzi, basi."

"Koma kukhota ndiye chinkakana."

"Chitsulo chakumanzere chinamasuka titangotuluka m'shedi. Kutentha ndi kugwedezeka kuja. Ndinachimva m'dzanja langa chikufewa." Anatembenuzanso ambulera ija. "Chikanakhota bwinobwino, mayi a Esinala. Chinali chitachira. Ndinachichiza ndekha."

Nasimelo anasiya kupukuta. Anawayang'ana amuna awo nthawi yaitali, manja okalamba aja amene oyilo anali asanachokebe m'zikhadabo. Kenako anatenga ambulera ija m'manja mwawo n'kuiika pansi pa benchi.

"Isiyeni iyo, mwini wake abwere mawa," anatero. "Lero ndiuzeni mmene chinalambulira msewu woyamba uja. Muyambire poyambirira penipeni. Zaka zonsezi sindinkamvetsera."